Gawo la / ladzaza pa seva, koma du akupeza 21G yokha

Njati: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Seva ndi ya Ubuntu 22.04, gawo la / ndi la pafupifupi 40G, filesystem yake ndi ext4 pamwamba pa LVM (njira yogawira diski m'magawo otheka kukulitsidwa). Kuyambira m'mawa MySQL yasiya kulemba, ndipo pulogalamu iliyonse yofuna kusunga kanthu ikugwa ndi uthenga wa No space left on device. Ngakhale kudina Tab mu bash kukubweretsa dandaulo la fayilo ya kanthawi yomwe yakanika kupangidwa. df -h ikuonetsa izi:

Size 39G, Used 37G, Avail 0, Use% 100%, Mounted on /

Koma du ikaphatikiza zonse ikupeza 21G basi. Nanga 16G inayo ili kuti? Dzana diskiyi inadzazanso, ndiye app.log ya pulogalamu yathu ya Java, yomwe inali 8G, inafufutidwa ndi rm pamodzi ndi ma log akale okwana 3G. Malo amene anabwerera anali 3G yokha, ndipo lero athanso.

Kadzidzi: A Njati, musafufutenso kanthu kaye, ndipo seva musaizimitse. Kuizimitsa n'kuyatsanso kungabweze malo ena, koma kudzafufuta umboni, ndipo pali mapulogalamu amene amakana kudzuka diski ikakhala yodzaza.

df ndi du siziwerenga chinthu chimodzi. df imafunsa filesystem kuti mabuloko ogwiritsidwa ntchito ndi angati. du imayenda foda ndi foda n'kumaphatikiza mafayilo amene ali ndi dzina looneka. Ndiye 16G imeneyo ndi zinthu zimene zagwira mabuloko koma du sikuziona: kaya zilibenso dzina, kaya zaphimbika. Tumizani zotsatira za malamulo atatu awa, onse ndi sudo:

df -i /
du -xh --max-depth=1 / | sort -h
lsof +L1

Pa du musaiwale -x. Ndi imene imaiuza kuti isadumphire m'ma filesystem ena monga /proc kapena NFS (foda ya pa seva ina yolumikizidwa kudzera pa netiweki). Komanso mukaiyendetsa popanda sudo imalumpha mafoda amene mulibe chilolezo, nambala n'kutuluka yochepa.

Chiphaniphani: Poyembekezera zimenezo, pali malo apafupi. Onani kuti 39G kuchotsa 37G kutsala 2G, koma Avail akuti 0. Ndi 5% ija imene ext4 imasungira root, user wamkulu wa seva. Lembani tune2fs -m 0 pa gawolo, MySQL ipuma pompo.

Kadzidzi: Za 5% mwanena zoona achimwene, koma 0 pa gawo la / ine ndikukana. 2G imeneyo ndi imene ikuchititsa kuti a Njati athe kulowa ndi ssh, kuyendetsa sudo ndi kusintha mafayilo a mu /etc panopa. MySQL imayenda ngati user wa mysql, ndiye yaima pa malire ake, koma root akadali ndi popumira. Mukapereka malowo kwa aliyense chimene chikudya diski chisanapezeke, chidzawadyanso, ndipo ulendo umenewo ngakhale root adzasowa polemba. Zikafika pothina kwenikweni, -m 1 imamasula pafupifupi 1.6G, kenako mubwezere pa 5 ntchito ikatha. Pa diski yosungira data yokha ya 2T, kumene 5% ndi 100G yongokhala, kuitsitsa n'kwanzeru. Pano ayi.

Chiphaniphani: Ndamva. Pa / tisiye 1 ngati njira yomaliza.

Njati: Nazi. df -i: Inodes 2.5M, IUse% 9%, ndiye ma inode (fayilo iliyonse imadya imodzi) sanathe.

du: /opt 600M, /home 1.0G, /usr 4.1G, /var 15G, zonse pamodzi 21G.

lsof +L1 yatulutsa mizere ingapo ya timafayilo ta MySQL ta mu /tmp tomwe ndi tating'ono, koma umodzi ndi uwu:

java 2314 app 7w REG 253,0 11845320117 0 /opt/pulogalamu/logs/app.log

Kumapeto kwake kwalembedwa deleted.

Kadzidzi: Ameneyo ndiye wakuba woyamba. Werengani mzerewo motere: process ndi 2314, yagwira fayilo pa descriptor 7, w akutanthauza kuti ikulemba, kukula kwake ndi ma byte 11845320117, kumene ndi 11G, ndipo 0 wotsatirayo ndi chiwerengero cha mayina amene fayiloyo yatsala nawo. rm siifufuta zimene zili m'fayilo, imangochotsa dzina mu foda. Kernel imabweza mabuloko pokhapokha mayina onse atachoka komanso process yomaliza yoigwira itaitseka. Java sinaitseke. Ikulembabe mu fayilo yopanda dzina, n'chifukwa chake inali 8G dzana, lero ndi 11G. 3G imene munamasula ija inalowa mommo.

Musanaikhudze, tengani kumapeto kwake, chifukwa m'menemo ndi mmene muli chifukwa chimene ikukulira 1.5G pa tsiku. Fayilo yofufutidwa imawerengekabe kudzera mu /proc:

tail -n 5000 /proc/2314/fd/7 > /dev/shm/app-mapeto.log

/dev/shm ili mu RAM, ndiye siifuna malo pa diski. Mukatero muli ndi njira ziwiri. Yaukhondo ndi systemctl restart pa service ya Java. Ngati simungathe kuimitsa pulogalamu nthawi ino, ipunguleni ikuyenda:

truncate -s 0 /proc/2314/fd/7

Onetsetsani kawiri ndi ls -l /proc/2314/fd/7 kuti 7 akulozadi ku app.log. Mukaphonya nambala n'kupungula fayilo ina imene process yagwira, palibe chobweza. Timafayilo ta MySQL ta mu /tmp musatikhudze, MySQL imatipanga dala motero.

Namzeze: Ndiwonjezere pang'ono pa truncate, chifukwa anthu amadabwa nayo akaigwiritsa pa log imene ikadali ndi dzina. Yang'anani cat /proc/2314/fdinfo/7. Pa mzere wa flags mukaona nambala ngati 0102001, 2 wachinayi kuchokera kumapetoyo ndi O_APPEND. Zikatero process imalemba kumapeto kwa fayilo nthawi zonse, ndiye mukapungula imayambiranso pa 0 bwinobwino. Ikakhala 0100001, monga zimakhalira pulogalamu ikayatsidwa ndi > m'malo mwa >>, process imakumbukira pamene inalekezera. Idzalemba pa byte ya 11 biliyoni, kumbuyo konse n'kutsala dzenje la ma zero. ls -l idzanena kuti fayilo ndi 11G, du idzanena ma K ochepa, grep idzati ndi binary. Malo amakhala atabwereradi, popeza dzenjelo silidya mabuloko, koma mukaikopera ndi chida chosadziwa za madzenje, kopeyo imadzaza 11G yeniyeni.

Komanso a Njati, truncate ingogula nthawi. Java ipitiriza kulemba mu fayilo yopanda dzinayo mpaka mudzaiyatsenso, ndipo ma log a nthawi imeneyo adzatayika ikadzatsekedwa.

Njati: flags ndi 0102001. Ndasunga mapeto, ndapungula. df tsopano: Used 26G, Avail 11G, 71%. MySQL yayambanso kulemba yokha osaikhudza. Koma 26G ndi 21G zikusiyanabe ndi 5G, ndipo lsof +L1 ilibenso chachikulu.

Fulu: MySQL imatero. Diski ikadzaza pamene ikulemba binlog (kaundula wa zosintha zonse za mu database) siithawa, imadikira, n'kumayang'ana mphindi iliyonse ngati malo apezeka, ndipo imalemba chenjezo mu error log mphindi 10 zilizonse. Komabe werengani /var/log/mysql/error.log ya maola amenewo musanakhulupirire kuti zonse zili bwino.

Kadzidzi: 5G ndi yochuluka kwambiri kuti tiziti ndi za filesystem yokha. Kusiyana kwa ma M mazana angapo sikodetsa nkhawa, koma kumeneku pali kanthu. Kodi pali foda imene mumalumikizapo diski ina kapena NFS? Tumizani findmnt.

Njati: Ilipo, /mnt/backup ndi NFS. cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imaponyamo backup ya database yopangidwa ndi mysqldump usiku uliwonse.

Kadzidzi: Ndikuganiza kuti wakuba wachiwiri ali pansi pamenepo. Mount ili ngati chivundikiro. /mnt/backup ndi foda wamba ya pa gawo la /. NFS ikalumikizidwa imakhala pamwamba pa fodayo, zimene zinali m'katimo sizioneka koma sizichoka. Ngati usiku wina NFS sinali yolumikizidwa, cron siidziwa, imangolemba mu foda wambayo. Kenako wina akalumikiza, mafayilo aja amaphimbika. Simufunika kuchotsa NFS kuti muone pansi pake:

mkdir /run/muzu
mount --bind / /run/muzu
du -xh --max-depth=2 /run/muzu/mnt

--bind imakuonetsani gawo la / lokhalokha pamalo achiwiri, popanda ma mount a pamwamba pake. Ndasankha /run chifukwa ili mu RAM, mkdir imatheka ngakhale diski itadzaza.

Chenjezo lalikulu: /run/muzu si kope. Ndi seva yanu yomweyo. Mukalemba rm -rf /run/muzu mwafufuta zonse. Pomaliza ndi umount /run/muzu, kenako rmdir, osati rm.

Njati: Mwalasa. Mu /run/muzu/mnt/backup muli mafayilo atatu a .sql.gz a masiku atatu otsatizana: 1.9G, 1.9G ndi 1.2G. Ku NFS masiku amenewo kulibe kanthu. Zikuoneka kuti seva itayatsidwanso sabata yatha NFS sinalumikizike, mpaka dzana pamene panayendetsedwa mount -a. Ndiwafufute?

Namzeze: Ayi achimwene, amenewo ndi backup yokhayo ya masiku atatuwo. Asamutseni kaye:

rsync -av /run/muzu/mnt/backup/ /mnt/backup/osiyidwa/

Yendetsaninso lamulo lomwelo mutawonjezera -c ndi -n. Likapanda kutchula fayilo iliyonse ndiye kuti makope ndi ofanana mpaka m'kati. Pamenepo mufufute atatuwo powatchula mayina limodzi limodzi, ndipo njira iyambe ndi /run/muzu. Mukaiwala chiyambicho mukufufuta za ku NFS.

Ndipo bind ikadali pomwepo, tsekani khomo limeneli:

chattr +i /run/muzu/mnt/backup

Foda ya pansiyo ikhala yosalembeka ngakhale kwa root, koma kulumikiza NFS pamwamba pake kumathekabe. Tsiku limene NFS idzasowenso, cron idzagwa ndi Operation not permitted m'malo modzaza diski mwakachetechete. Mu script ya backup, mzere woyamba ukhale:

mountpoint -q /mnt/backup || exit 1

Ine ndimakonda kuika zonse ziwiri, ndipo kugwako kuzitumiza uthenga kwa munthu. Backup yolephera popanda womva ndi yoopsa kuposa diski yodzaza. Mu /etc/fstab mungawonjezere x-systemd.automount pa mzere wa NFS, kuti izilumikizidwa nthawi imene wina wagogoda pa fodayo, osadalira kuti netiweki inali itakonzeka poyatsa.

Njati: Zatheka. Used 21G, Avail 16G, 57%. df ndi du tsopano zikugwirizana. Mu /var ya 15G ija muli /var/lib/mysql 9G, /var/log/journal 3.9G, /var/cache/apt 700M, zotsalazo ndi zing'onozing'ono.

Chiphaniphani: Ziwiri zomalizazo n'zosavuta. apt clean ichotsa ma .deb a mu /var/cache/apt/archives, palibe chimene chiwonongeke. Journal yafika pa malire ake achibadwa, omwe ndi 10% ya filesystem koma osapitirira 4G, ndiye siikanakulanso. Ngati simufuna yochuluka chotero:

journalctl --rotate
journalctl --vacuum-size=500M

rotate iyambe, chifukwa vacuum imachotsa mafayilo otsekedwa okha. Kuti zikhazikike, ikani SystemMaxUse=500M mu /etc/systemd/journald.conf n'kuyatsanso systemd-journald. Koma muyambe mwawerenga zimene journal inalemba tsiku limene NFS inakana, musanazitaye.

Fulu: Pa MySQL ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzipweteka ali pa changu. Mu 9G imeneyo, ls -lh /var/lib/mysql ikuonetsani mafayilo a binlog.000123 ndi anzake. Mu MySQL 8.0 binlog imakhala yoyatsidwa kuchokera pa chiyambi, ndipo imasungidwa masekondi 2592000, omwe ndi masiku 30. Musawafufute ndi rm. MySQL imasunga mndandanda wawo mu binlog.index, ndipo mndandandawo ukasiyana ndi zimene zili pa diski mumadziitanira vuto lina. Auzeni a MySQL achotse okha:

SHOW BINARY LOGS;
PURGE BINARY LOGS BEFORE NOW() - INTERVAL 7 DAY;
SET PERSIST binlog_expire_logs_seconds = 604800;

Musanatero dzifunseni mafunso awiri. Kodi pali replica, seva ina yokopera database imeneyi kudzera mu binlog? Ngati ilipo, pitani pa replica, SHOW REPLICA STATUS, muone fayilo imene yafikapo, ndipo musachotse imeneyo kapena zotsatira zake. Replica imene yazima panthawiyo MySQL siidziwa zoidikira, ichotsa basi. Funso lachiwiri: backup yabwino yomaliza ndi ya liti? Binlog ndi imene imakulolani kubwezera data kuchokera pa backup mpaka mphindi imene mukufuna, ndiye iyenera kufika kumbuyo kupitirira backup yodalirika.

Mafayilo a ibdata1, a .ibd ndi a redo log si zinyalala ngakhale dzina lili ndi mawu akuti log. Chimodzimodzi kwa a PostgreSQL, foda ya pg_wal siikhudzidwa ndi rm. Ikatupa, yang'anani replication slot yosiyidwa kapena archive_command imene ikulephera.

Nkhwazi: Pepani kulowerera, funso langa ndi lapafupi ndi lomweli. Seva ina ikupereka uthenga womwewo wa No space left on device koma df -h akuti 60% basi. Chingakhale chiyani?

Kadzidzi: df -i, mudzapeza IUse% ili pa 100. Fayilo iliyonse, ngakhale ya ma byte 0, imadya inode imodzi. Pa ext4 chiwerengero cha ma inode chimaikidwa popanga filesystem, kawirikawiri imodzi pa 16K iliyonse, ndiye gawo la 20G limakhala nawo pafupifupi 1.3 miliyoni. Timafayilo tating'ono tambirimbiri timawamaliza malo akadalipo. Pezani kumene taunjikana:

du --inodes -x --max-depth=3 / | sort -n | tail -20

Malo odziwika ndi /var/lib/php/sessions, mzere wa makalata mu /var/spool, ndi mafoda a cache a mapulogalamu a pa intaneti. Mukapeza, rm * idzakana ndi Argument list too long. Gwiritsani find, ndipo muyambe ndi kuwerenga musanafufute:

find /var/lib/php/sessions -type f -mtime +2 | wc -l

Nambala ikakhala yomveka, ikani -delete m'malo mwa kuwerengako. Kenako fufuzani chifukwa chimene choyeretsa chake chinaimira. Pa Debian ndi Ubuntu ndi phpsessionclean.timer. XFS imapanga ma inode pamene akufunika, ndiye vutoli silionekaoneka kumeneko.

Nkhwazi: Ndi ma session a PHP ndithu, timer inali yozimitsidwa. Zikomo bwana.

Njati: Kubwerera ku yathu: replica kulibe. apt ndi journal ndakonza, binlog ndadikira kaye. Mu mapeto a log amene ndinasunga, mzere umodzi wa kulephera kulumikizana ndi service ina ukubwerezedwa kangapo pa sekondi, uliwonse ndi stack trace yake yonse, ndipo level ili pa DEBUG. Ndiike logrotate ndi copytruncate?

Chiphaniphani: Ikani. Fayilo mu /etc/logrotate.d/ yokhala ndi daily, rotate 7, compress, maxsize 200M ndi copytruncate. Yesani ndi logrotate -d, imene imangonena zimene ikanachita osakhudza kanthu.

Namzeze: Apa ndisiyana nanu pang'ono. copytruncate ndi ya mapulogalamu amene sadziwa kutsegulanso log yawo, ndipo ili ndi mtengo wake. Imakopera fayilo yonse kaye, ndiye log ya 8G imafuna 8G ina yopanda kanthu, chinthu chimene simukhala nacho tsiku la vuto. Mizere yolembedwa pakati pa kukopera ndi kupungula imatayika. Ndiponso maxsize imayang'anidwa pamene logrotate yayendetsedwa, ndipo mwa chizolowezi imayenda kamodzi pa tsiku. Log yothamanga ingadzaze diski usiku usanafike.

Ngati pulogalamu ikugwiritsa ntchito Logback, chida cha Java cholembera ma log, ipatseni ntchitoyo yokha: RollingFileAppender ndi SizeAndTimeBasedRollingPolicy, maxFileSize 100MB, maxHistory 14, totalSizeCap 2GB. totalSizeCap ndiye mpanda weniweni, chifukwa ma log akale akaupitirira amachotsedwa. Musaike logrotate ndi Logback pa fayilo imodzi, zimalimbana. Kwa nginx nkhani ndi ina, iyo imatsegulanso log ikalandira USR1, ndiye postrotate imakwanira. Kwa amene ali ndi Docker, ma log a json-file mu /var/lib/docker/containers sazungulira okha, pamafunika max-size ndi max-file mu daemon.json, ndipo zimagwira ma container opangidwa pambuyo pake okha.

Level itsike pa INFO, koma kulephera kulumikizanako kukonzedwe pakokha. Pulogalamu yoyesanso kangapo pa sekondi osapumira imafunika kuti izidikira nthawi yowonjezereka ikalephera.

Chiphaniphani: Pa totalSizeCap ndagonja, ndi yabwino kuposa yanga.

Kadzidzi: A Njati, onaninso vgs, lamulo loonetsa malo otsala (VFree) mu volume group ya LVM. Installer ya Ubuntu Server nthawi zambiri siipereka malo onse a volume group ku gawo la /.

Njati: VFree 39G. Ndiwonjezere onse ku /?

Kadzidzi: Lamulo lake ndi lalifupi, lvextend -r -L +10G /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv, ndipo -r imakulitsa filesystem nthawi yomweyo seva ikuyenda. Koma onse ayi. ext4 imakula ikugwira ntchito, koma kuichepetsa kumafuna kuichotsa pa mount, chinthu chovuta pa /. XFS ndiye siichepetsedwa n'komwe. Malo opanda mwini mu volume group ndi amene amakupatsani snapshot musanachite upgrade, ndiponso mpata wowonjezera tsiku la ngozi.

Ndikanakhala ine, / sindikanaikulitsa. Ndikanapanga volume ya 20G ya /var/lib/mysql ndi ina ya 5G ya ma log a pulogalamu. Log ikapenganso idzadzaza khola lake lokha, database n'kumalembabe. Kusamutsa MySQL kumafuna kuiimitsa, rsync -a, mzere mu fstab, ndi kuonetsetsa kuti mwini wa foda ndi mysql. Mukailumikiza pa njira yomweyo ya /var/lib/mysql, AppArmor, imene imalondera mafoda amene MySQL ingakhudze, siidandaula. Zakale zija muzichotse pansi pa mount mukatsimikiza kuti zonse zikuyenda, apo ayi mwakwiriranso 9G monga zinachitikira ku /mnt/backup.

Chenjezo la malo liziyamba pa 80%, ndipo liziyang'ana df -i pamodzi ndi df -h.

Fulu: Musanachotse binlog, bwererani ku mafayilo atatu aja. Awiri ndi 1.9G, wachitatu 1.2G, ndipo wachitatuyo analembedwa usiku umene diski inadzaza koyamba. Database siichepa ndi 700M tsiku limodzi popanda chifukwa. Yesani aliyense:

gzip -t dzina.sql.gz
zcat dzina.sql.gz | tail -n 1

mysqldump ikamaliza bwino, mzere womaliza umayamba ndi -- Dump completed, pokhapokha ngati munaiuza kuti isalembe ma comment. Yesaninso a usiku wa dzana ndi dzulo amene anapita ku NFS.

Njati: Awiri oyamba ali bwino. Wachitatu gzip ikuti unexpected end of file, ndi wodukiza. A dzana ndi dzulo a ku NFS onse akuthera pa Dump completed.

Fulu: Ndiye wodukizayo musamutseni ku foda ina kuti wina asadzamutenge ngati wabwino. Tsiku limenelo likhoza kumangidwanso kuchokera ku dump ya dzulo lake ndi binlog, ndiye masiku 7 aja akukwanira, PURGE ikhoza kuyenda. Mu script, ikani set -o pipefail pamwamba, chifukwa popanda iyo mysqldump ikagwa pakati pa ntchito gzip imamaliza bwinobwino, script n'kunena kuti zatheka. Izilemba ku dzina lothera ndi .tmp, iziyesa ndi gzip -t, kenako mv ku dzina lenileni.

Njati: PURGE yachotsa 4.4G. Panopa Used 13G, Avail 24G, 35%. Service ya Java ndiiyatsanso usiku uno ndi Logback yatsopano, kenako ndiyendetsenso lsof +L1 kuti nditsimikize kuti app.log yakale ija yatsekedwa. Kusamutsa /var/lib/mysql kukhala Loweruka anthu atachepa pa seva.